Mpira Umene a Safeli Sanauwakhe

A Mabel anawapeza a Safeli Kaonga pakhonde akupaka nsapato polishi, ndipo atangoona jekete lakuda litayanikidwa pachingwe anadziwa kuti zinthu zaipa. Jekete limenelo linkatuluka m'bokosi pamaliro ndi pa Khirisimasi basi. Koma ili linali Lachisanu wamba la mwezi wa Julaye, mphepo ya kumapiri a Mafinga ikuluma makutu.

"Odi, alamu. Mwawuka uli?"

"Tawuka makora, anyina Stefano. Khalani pampando apo."

"Sindikhala. Ndabwera kudzafunsa jekete ilo kuti likupita kuti."

"Kusukulu, kumene Chisenga yonse ikupita. Kapena ndine ndekha amene sanandiitane?"

"Kupita pitani," anatero a Mabel. "Koma pakamwapo mukusiya kunyumba, kapena mukupita napo?"

A Safeli analavulira kamalovu pansapato n'kupitiriza kupukuta ndi zala zawo zokhota zija, zimene mudzi wonse unkadziwa kuti zinathyokera mumgodi. Mudzi unkadziwa zolakwika, ndipo amene anauphunzitsa zolakwikazo anali anthu awiri omwewa.

Nkhani yake inayamba mu 1970. A Safeli, ali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ankafuna ntchito kumigodi ya ku Zambia, koma kumeneko anali atayamba kufunsa chitupa cha unzika. Mbale wawo Blackson Silwamba, mwana wa amayi awo aang'ono, anabadwira ku Muyombe kutsidya kwa malire ngakhale anakulira ku Chisenga, ndipo chitupacho anali nacho. Awiriwa ankafanana mochititsa mantha: mphumi yomweyo, mpata wa mano womwewo. Blackson anali munthu wachifuwa, wofatsa, woti ngakhale tambala akamuyang'anitsitsa ankamupatukira. Za migodi analibe nazo ntchito. Anatulutsa chitupa m'kachitini n'kunena kuti, "Tenga, kuno mbuzi zanga sizindifunsa dzina."

Choncho amene anatsika basi kumigodi anali Blackson Silwamba, ndipo Safeli Kaonga anatsala panjira.

Tsiku lina sipanala inapulumuka m'manja mwa munthu amene anali pamwamba pa makwerero, ndipo a Safeli anaiwakha ndi dzanja limodzi isanafike pamutu pa kapitawo. Kapitawoyo m'malo mothokoza anangowayang'ana manja n'kuwauza kuti Loweruka abwere kubwalo. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi ragibi, masewera a mpira wonga papaya umene anthu amathamanga nawo m'manja uku akugwetsana. Anawaika malo otchedwa fulubaki. Anzako khumi ndi anayi amakhala kutsogolo akukankhana ngati ng'ombe padibi, iwe uli wekha kumbuyo, maso kumwamba. Adani akaumenya mpira m'mwamba, umakuwa kuti "Wandi!", ndiko kuti wanga m'Chibemba, n'kuima pansi pake kuudikira, pamene zimphona zikubwera kudzakuphwanya nthiti. Ukaugwetsa, kumbuyo kwako kulibenso munthu.

Zaka zisanu ndi ziwiri a Safeli anaima pamalo amenewo, ndipo amene ankaonera amalumbira kuti mpira wam'mwamba sanaugwetsepo. Bwalo lonse, pofupikitsa dzina la Blackson, linkaimba kuti "Bu-la-ki! Bu-la-ki!" Anasankhidwa katatu kusewerera dziko limene silinali lawo, ndipo kamodzi anakwera ndege. Kenako phewa linathyoka, aboma anayamba kufufuza zitupa, iwo n'kuthawa kubwerera ku Chisenga. Anabweza chitupa kwa mwini wake n'kutseka pakamwa, chifukwa masiku amenewo nkhani yotereyi inkagonetsa munthu kundende. Chimene anabwera nacho chinali kachidutswa ka nyuzipepala, kokhala ndi chithunzi chawo ali m'malere, mpira uli pachifuwa, pansi pake patalembedwa dzina la Blackson.

Blackson weniweni anakwatira Mabel chaka chotsatira, nabereka Stefano, ndipo chifuwa chija chinamutenga mwanayo asanayambe kuyenda. Sanasiye chithunzi, sanasiye nyumba ya malata, sanasiye ngakhale nkhani yoti anthu azisimba. Stefano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, atangophunzira kulumikiza zilembo, anatsegula Baibulo la a Safeli n'kupeza kachidutswa kaja. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili papepala, mpaka dzina linatuluka lonse. Anathamanga mpaka kwa amayi ake akukuwa kuti, "Amama, ndawapeza adada!" A Safeli anamutsatira kuti akakonze nkhaniyo, koma atafika anapeza mwana atakumbatira pepala, amayi ake akulira. A Mabel anawayang'ana, iwo anayang'ana pansi. Palibe amene ananama tsiku limenelo, anangokhala chete, ndipo chetecho chinakula pamodzi ndi mwanayo. Akuluakulu amene ankadziwa kuti Blackson sanapondepo kumigodi anatha mmodzimmodzi, ndipo womaliza anali Rebecca, mkazi wa a Safeli.

Tsopano Stefano anali bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, mphunzitsi wamkulu pasukulu ya pulayimale. Ndiye amene anajambula kachidutswa kaja ndi foni n'kukaponya pa Fesibuku. Anthu a timu ya kumgodi kuja, amene ankafunafuna osewera awo akale, anakaona, ndipo lero anali panjira kudzapereka jezi yaulemu kwa banja la malemu Blackson Silwamba.

"Alamu," anatero a Mabel, tsopano atakhala pampando umene anaukana uja, "zaka zonsezi mwapirira. Chavuta n'chiyani lero?"

A Safeli anakweza buluku n'kuwaonetsa mwendo wotupa. Anaudina ndi chala, ndipo chala chitachoka dzenje linatsala.

"Kuchipatala ku Boma akuti mtima wakula. Mvula ikubwerayi mwina ndiiona, mwina ayi. Ndikafa ndiye mwana wanga Loveness azidzati adada anali ndani? Munthu wa khasu amene anathyoka zala mumgodi? Ine ndinakwera ndege, alamu. Anthu zikwi ankandiimbira. Sindikufuna jeziyo, atenge Stefano. Ndikufuna ndimve dzina langa, langa lenileni, likutchulidwa kamodzi kokha ndili moyo. Mbewa yamanyazi inafera kuuna."

"Ndiye mwanayo mumulande bambo ake pamaso pa ana ake asukulu?"

"Si mwana, ndi bambo waimvi."

"Kwa inu ndi waimvi. Ine ndimamuona ndi kapepala kaja pachifuwa." A Mabel anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Mwamuna wanga anali wabwino, koma ubwino sujambulidwa m'nyuzipepala. Ndikanamuuza chiyani mwana za bambo ake, kuti ankatsokomola bwino? Ndinalakwa, ndikuvomera. Koma madzi akatayika saoleka."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero a Safeli, n'kuimirira kukachotsa jekete pachingwe. Mumtima mwawo munali mkwiyo, ndipo anali okondwa nawo mkwiyowo, chifukwa ankadziwa kuti ukangozizira sadzayankhula.

Pabwalo la sukulu panali podzaza. Ana anali atasesa n'kuika miyala yopaka laimu m'mbali mwa njira, ngati kukubwera nduna. Galimoto ya alendo inafika dzuwa lili pamutu, yofiira ndi fumbi la msewu wochokera ku Boma. Munatuluka mayi wachitsikana dzina lake Daphne, mlembi wa timuyo, atanyamula katoni ndi mpira wonga papaya uja. Pambuyo pake panatsika nkhalamba yaikulu thupi, ya makutu opindika ngati bowa, ikuyenda ndi ndodo.

A Safeli anaizindikira nthawi yomweyo. Anali John Chanda, amene ankasewera kutsogolo, munthu amene anagona naye chipinda chimodzi zaka zinayi. Sanaganizepo kuti John angakhale adakali moyo.

Alendo anayamba kupereka moni kwa akuluakulu amene anakhala pabenchi. John ankagwira dzanja lililonse n'kunena kuti "Mwapoleni mukwai," anthu n'kumayankha "Yewo, yewo." Atafika pa a Safeli anagwira dzanja, n'kufuna kupitirira, koma sanalisiye. Chala chake chachikulu chinayenda pa kachala kakang'ono kokhota kaja. Kachala kameneko anakathyola ndi iye mwini pophunzira masewera, ndipo anakamanga yekha ndi kamtengo. Anaweramira pafupi, maso ake otuwa akufufuza nkhope.

"Bulaki?" ananong'ona.

Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu zinali zitapita a Safeli chiitanidwireni dzina limenelo.

"Anandiuza kuti ndikubwera kumanda ako," anatero John.

"Khala pansi, John. Ndiyankhula nthawi ikakwana."

John anakhala pambali pawo, ndodo ili pakati pa miyendo, akupukusa mutu ngati munthu amene wamwa mankhwala owawa.

Daphne anawerenga mbiri ya Blackson Silwamba m'Chingerezi, mphunzitsi wina akumasulira. Anatchula zaka, anatchula masewera atatu a dziko, anatchula tsiku limene Blackson anagwetsa munthu wothamanga kwambiri pa timu ya adani patangotsala phazi limodzi kuti agoletse. A Safeli ankadziwa kuti silinali phazi, chinali chikhatho, chifukwa laimu wa mzerewo anawalowa m'kamwa. Anthu ankaomba m'manja, amayi akululutira, ndipo chilichonse chimene chinkatchulidwa chinali chawo, kupatula dzina lokha. Kenako Daphne anatulutsa jezi yobiriwira ya nambala 15 n'kumuveka Stefano pamwamba pa shati ndi tayi.

Stefano anakoka jeziyo kuti imukhale bwino. Anali munthu wodziwa kulamula ana mazana asanu ndi diso lokha, koma apa milomo inkamukanika.

"Ine bambo anga sindinawaone," anayamba. "Anzanga ankati adada andigulira ichi, adada andimenya, ine ndinkasirira ngakhale kumenyedwako. Chimene ndinali nacho ndi chithunzi chimodzi. Nditalephera mayeso a fomu folo ndinafuna kusiya zonse ndipite ku Tunduma kukanyamula katundu. Ndinayang'ana chithunzi chija, ndinati munthu uyu ankaima yekha kumbuyo ndipo sankathawa. Ndinabwereza. Mwana wanga woyamba atamwalira, ambiri a inu munalipo, munandiona ndikulephera kuimirira kumanda. Chimene chinandiimiritsa ndi chomwecho. Ndinati ndine mwana wa Blackson, magazi ake ali mwa ine, chimene chagwa kuchokera kumwamba ndichilandira."

Anapukuta nkhope ndi dzanja la jezi, kenako anatembenukira kubenchi.

"Ndipo ndithokoze adada a Kaonga, amene anasunga kapepala kaja. Akanakolezera moto, ine bwenzi ndilibe bambo. Adada, inu munakula nawo. Tiuzeni mawu awiri."

Nthawi ija inali itakwana. A Safeli anaimirira, nakonza jekete. Mawu anali atawakonza sabata yathunthu, ankawanena ngakhale posamba. Anafunafuna mkwiyo uja kuti uwathandize, koma sanaupeze. Anaona a Mabel pakati pa amayi, atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Anaona Loveness atatukula foni kuti awajambule.

"Blackson," anatero, n'kutsokomola. "Blackson anali munthu wopatsa. Ine anandipatsa chinthu chimene munthu sapatsa mnzake, ndipo sanandifunsepo kuti ndinachita nacho chiyani. Zina ndinena bwino."

Anakhala pansi. Anthu anaomba m'manja mwaulemu, poganiza kuti ukalamba wawasokoneza.

"Iwe," ananong'ona John mokwiya, "ndayenda masiku awiri ndi msana uwu kuti ndidzamve zimenezi? Dzina ndi la ndani sindikudziwa, koma manja ndi awa."

"Wamumva mwanayo."

"Ndamumva. Nanga iwe akumve ndani?"

John sanadikire yankho. Anadzuka ndi ndodo yake n'kupita pakati pa bwalo, natenga mpira m'manja mwa Daphne. Anauza anthu, m'Chinyanja chake cha kumigodi, kuti kwawo fulubaki saliridwa ndi mawu okha. Mwana wa malemu amenye mpira m'mwamba, ndipo mbale wa malemu akaime kumbuyo pamalo pake. Daphne anadabwa, chifukwa mwambo umenewo anali asanaumvepo, ndipo sakanaumva poti John anaupeka pomwepo. A Safeli anamvetsa. Mnzawo ankawatsegulira khomo lina, loti asanene kanthu, manja anene okha. Munthu amene sanaugwirepo mpira umenewo sangauwakhe ukuchokera m'mwamba, ndipo aliyense woona akanafunsa kuti nkhalambayi inaphunzira kuti.

Ana anayamba kuseka ndi kukuwa, "Agogo! Agogo!" A Safeli anavula jekete n'kumupatsa Loveness.

"Adada, mtimatu," anatero Loveness.

"Mtima ukudziwa."

Anayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa bwalo, kufupi ndi mitengo ya bulugamu, n'kutembenuka. Anthu onse anali kutsogolo kwawo, kumbuyo kunalibe munthu. Anamva mphepo ikuchokera kumanzere, ndipo asanaganize n'komwe anali atasuntha kale kuti dzuwa lisawalowe m'maso. Chimwemwe chimene anachimva pamenepo chinawachititsa manyazi. Anali kwawo.

John anamuonetsa Stefano kagwiridwe kake. Stefano anali womenya mpira wamiyendo paunyamata wake, ndipo anaumenya ndi mtima wonse. Mpira unakwera, ukuzungulira, mpaka unachepa ngati njiwa, mphepo n'kuyamba kuukankhira kumbali. Miyendo yotupa ija inayenda yokha, mapazi atatu kumanja, limodzi kumbuyo, n'kuima. Zigongono zinabwera pamodzi, zikhatho zinatseguka. Bwalo linati zii. John yekha ndi amene ankadziwa kuti munthu uja waima penipeni pamene mpira udzagwere, ndipo anayamba kuseka misozi ikutsika.

Liwu lija linakwera kuchokera pachifuwa mpaka pammero. Wandi. Linali lawo ndithu, mpirawo unali wawo, zaka zija zinali zawo. Anatsitsa maso kamphindi kochepa, chinthu chimene fulubaki sachita, ndipo anaona Stefano ataima pakati pa bwalo, jezi yobiriwira itamuthina pamimba, kukamwa kuli yasa ngati mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

A Safeli anameza liwulo. Anabweza phazi limodzi kumbuyo n'kutsitsa manja.

Mpira unagwa patsogolo pa nsapato zopaka polishi zija, n'kudumpha mokhota monga umachitira, n'kukalowa m'tchire. Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Ana ankagubuduka pansi, amayi akugwirana mapewa. A Safeli nawonso anaseka, chifukwa pamenepo panalibenso china choti munthu achite ndi nkhope yake.

"Adada inunso!" anakuwa Loveness akubwera ndi jekete. "Mpira kuchita kukupezani pakhomo, inu n'kuuthawa? Manja amenewa ndi a khasu basi. Ndajambula, muziona nokha."

"Usunge bwino," anatero a Safeli.

John sanaseke nawo. Anali atatembenukira kumapiri, ndipo anakhala choncho mpaka Daphne anapita kukamugwira dzanja. Pokwera galimoto anaitana a Safeli pawindo.

"Ndikafika ndikawauze chiyani anzathu amene atsala?"

"Ukawauze kuti manda unawaona."

John anawagwira kachala kaja kachiwiri, nthawi yaitali, kenako galimoto inanyamuka.

Stefano anabwera akupuma mwamphamvu, mpira uli m'khwapa, n'kuwakumbatira. Jeziyo inkanunkha utsopano.

"Musadandaule, adada. Mwayesetsa. Si aliyense anabadwa Blackson."

"Zoona, mwana wanga," anatero a Safeli. "Si aliyense."

Pobwerera a Mabel anayenda pambuyo pa a Safeli njira yonse. Atafika pamphambano anagwada m'fumbi, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri, n'kuomba m'manja mwakachetechete.

"Yewo chomene, alamu."

"Dzukani, anthu angadabwe. Ndabweza chitupa chake, basi."

Kunyumba anakhala pakhonde mpaka mpweya unabwerera m'chifuwa. Chisoni chinali chitawakhala pamtima ngati thumba la chimanga, ndipo ankadziwa kuti palibenso tsiku lina limene likubwera loti adzalitule. Anapinda jekete bwinobwino, manja mkati, n'kuitana Loveness.

"Ika m'bokosi. Uike pamwamba, kuti tsiku lake usadzavutike kulifuna."

"Khirisimasi idakali kutali, adada," anatero Loveness, akuonerabe kanema uja pafoni n'kumaseka.

A Safeli anamupempha kuti awaonetse. Anaonera kawiri, foni ili pafupi ndi maso. Mapazi atatu kumanja, limodzi kumbuyo. Malo ogwera mpira sanawaphonye ngakhale ndi chikhatho.